Masiku asanu ndi anayi amene sindinawakonzekere ku Ouagadougou

Tsiku limene abwana anandiitana mu ofesi n'kundiuza kuti dzina langa lili pamndandanda wa opita ku Burkina Faso, ndinagwedeza mutu ngati ndikudziwa kumene dzikolo lili. Nditangotuluka ndinapita kwa mnyamata wa pakompyuta kuti andionetse pamapu. Ndine mlangizi wa zaulimi, ndagwira ntchito ndi alimi a thonje ku Balaka zaka zambiri, koma ndege ndinali ndisanakwerepo. Munali mu August 2015. Masiku amenewo nkhani ya thonje la Bt, lija amati mbozi sizililowa, inali m'kamwam'kamwa. Ku Bunda anali akuliyesa, pamene ku Burkina Faso alimi wamba anali akulilima kuyambira 2008. Bungwe lina linatilipirira ulendo, anthu asanu, kuti tikadzionere tokha.

Ulendo wa sabata imodzi ndi masiku ochepa unasanduka wa masabata atatu, ndipo gawo lalikulu la mavutowo ndinadziputira ndekha. N'chifukwa chake ndikulemba.

Pamapu paja ndinaona kuti dzikolo n'lofanana ndi lathu pa chinthu chimodzi: silinagunde nyanja yamchere. Lazingidwa ndi mayiko asanu ndi limodzi, Mali, Niger, Benin, Togo, Ghana ndi Côte d'Ivoire, ndipo katundu wake amadzera pamadoko a eni, Abidjan, Tema ndi Lomé, momwe ifenso timadalira Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kukula kwake kumaposa Malawi kawiri. Ndinangoti "oho", osaganiza kuti zimenezi zimatanthauza chiyani kwa mlendo amene ali m'kati tsiku loti zipata zatsekedwa.

Za visa anayendetsa otiitana. Khadi yachikasu ya katemera wa yellow fever ndinakabayitsa, ndipo iyi musaiseweretse, pabwalo la ndege amayamba kuifunsa musanafike n'komwe pa odinda pasipoti. Zolakwika zanga zinayambira kunyumba. Mayi a kwathu ndi telala, ndipo atamva kuti kumeneko kuli nsalu zoluka pamanja anakatenga K250,000 ku banki mkhonde kuti ndikawagulire. Ndinasintha ndalamazo kukhala madola. Mapiritsi anga a BP ndinawerenga 14, okwanira ulendo ndi masiku owonjezera ochepa, otsalawo n'kuwasiya pawindo. Khadi yanga ya ku banki ndinaiika m'chikwama osafunsa ngati imagwira ntchito kunja. Ndipo sindinawerenge nkhani ngakhale imodzi yokhudza dziko limene ndinkapitalo.

Tinadzera ku Addis Ababa n'kutera ku Ouagadougou, likulu la dzikolo, Lamlungu pa 6 September. Bwalo la ndege lili m'kati mwenimweni mwa mzinda, ukangotuluka walowa kale m'tauni. Chinandidabwitsa choyamba ndi njinga zamoto. Kwathu nthawi imeneyo zinali zisanachuluke ngati lero, koma kuja pamaloboti zimaima mazanamazana, amayi ovala bwino atabereka mwana kumbuyo, dengu patsogolo, nyali ikangosintha onse wuuu. Inali nyengo yamvula, chifukwa mvula yawo imagwa pamene kwathu kuli chilimwe, koma kutentha kwake kunali kwa ku Nsanje mu October. Aliyense amene tinakumana naye ankati "bonne arrivée". Apa ndi pamene ndinazindikira kuti Chingelezi changa, chimene ndimachinyadira kumudzi, kuno sichindigulira ngakhale madzi akumwa. M'maofesi ndi Chifalansa, mumsewu ndi Mooré, chilankhulo cha Amossi, ndipo chakumadzulo ndi Dioula.

Ndalama yawo ndi CFA franc, imene inamangiriridwa ku euro pa mtengo wosasintha wa 655.957. Tanthauzo lake n'lakuti munthu wonyamula ma euro amasintha paliponse popanda kudyeredwa, pamene ine wa madola ndinkayenda kufunafuna. Mwayi unali wakuti mwezi umenewo franc imodzi inali pafupifupi yofanana ndi kwacha imodzi, ndiye mitengo sinkandizunguza mutu. Vuto lina ndi chenji. Ukatulutsa pepala la 10,000 kuti ugule botolo la madzi, wogulitsa amakuyang'ana ngati wamutukwana.

Sabata ya maphunziro tinakhala ku Bobo-Dioulasso, mzinda wachiwiri, kumene kuli likulu la kampani yaikulu ya thonje ya Sofitex, makilomita pafupifupi 360 kuchoka ku Ouagadougou. Minda inali yobiriwira, thonje litayamba kumanga. Alimi ankayamikira kuti m'malo mopopera mankhwala kasanu n'kamodzi akupopera kawiri kokha. Koma a kufakitale ankang'ung'udza kuti ulusi wa thonje latsopanolo ndi waufupi ndipo ogula akunja akutsitsa mtengo, moti chaka chotsatira, mu 2016, dzikolo linalisiya. Chakudya sichinandivute. Nsima yawo amaitcha tô, ya mapira, mawere kapena chimanga, yofewerapo kuposa yathu, ndiwo zake therere kapena masamba a mlambe. Chidede chimene kwathu timangothyola masamba, iwo amawiritsa maluwa ake n'kupanga chakumwa chofiira chotchedwa bissap. Nkhuku ya lokolo amaitcha poulet bicyclette, ati chifukwa imakhalira kuthamanga ngati yopalasa njinga.

Kumeneko ndi kumene ndinaionera nsalu ija. Dzina lake ndi Faso Dan Fani, yolukidwa pamanja ndi thonje lawo lomwe, m'timizere tating'ono timene amadzatilumikiza. Wotitanthauzira anatiuza kuti pulezidenti wakale Thomas Sankara, amene anasintha dzina la dzikolo kuchoka ku Upper Volta kukhala Burkina Faso mu 1984, ankakakamiza ogwira ntchito m'boma kuivala kuti thonje lisamangotuluka losaphika. Ine mlangizi wa thonje, amene alimi anga amavala kaunjika, nkhaniyi inandilowa mumtima. Ndinaigwira nsaluyo, yolemera, yokhakhala pang'ono, ndipo m'mutu ndinayamba kale kuwerengera phindu.

Titabwerera ku Ouagadougou Lamlungu pa 13, anzanga ankanyamuka Lachiwiri. Ine ndinaona kuti tsiku limodzi silikwana kusankha nsalu ndi kunenerera mtengo. Ndinapita ndekha ku ofesi ya ndege, ndinalipira madola 150 a m'alawansi yanga n'kusuntha tikiti kufika Lachinayi pa 17. Mtsogoleri wa gulu lathu anandifunsa kawiri. "Akulu, mukutsala ndi ndani kuno? Chifalansa mumachitha?" Ndinaseka n'kuti masiku awiri si kanthu. Otiitana sindinawauze, chifukwa ndinkachita manyazi kuti aona ngati ndinabwerera geni. Ndinachoka kuhotela imene ankatilipirira n'kupeza kanyumba ka alendo ka mayi wina, chipinda 12,000 pa usiku, m'dera la anthu wamba.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma apa ng'oma inalira ndithu, wogontha ndinali ine. Chaka chapitacho, kumapeto kwa October 2014, anthu anali atathamangitsa Blaise Compaoré, amene analamulira zaka 27 chiphedwere Sankara mu 1987. Dziko linali m'manja mwa boma logwirizira la Michel Kafando, ndipo chisankho chinali pa 11 October, kutangotsala milungu itatu ndi theka. Gulu la asilikali olondera pulezidenti, la RSP, limene linali ndodo ya Compaoré, linali litakangana kale kangapo ndi nduna yaikulu Isaac Zida, ndipo Lolemba la sabata yomweyo komiti yoona za kusintha zinthu inalangiza kuti gululo lithetsedwe. Wogulitsa mtedza aliyense mumzindamo ankazidziwa izi. Mukamapita dziko lililonse, funsani ngati kuli chisankho pafupi, ndipo funsani munthu wakomweko kuti asilikali ali pati pankhaniyo. Zimatenga mphindi khumi.

Lachitatu pa 16 masana ndinali mumsika waukulu wa Rood Woko. Ndinali nditagula kale nsalu 30, pafupifupi 7,500 iliyonse, ndipo ndinkalimbana ndi bambo wina pa ziwiri zomaliza, tikulemberana manambala pa kakyuleta poti pakamwa sitinkamvana. Foni yake inalira. Anamvetsera, nkhope inasintha, anandilanda kakyuleta ija n'kuyamba kulongedza. Kuyang'ana uku ndi uku, zitseko zachitsulo zikutsika phwaa, phwaa, mzere wonse. Palibe amene ankathamanga kapena kukuwa, koma pasanathe mphindi makumi awiri msika unali zii. Bamboyo anandisenzetsa mtolo wanga, anandikankhira kunja, anaimitsa takisi yobiriwira n'kuuza dalaivala mawu angapo. Ndinafika kunyumba ya alendo ndisakudziwabe chimene chachitika. Amene anandiuza ndi mlendo mnzanga, wamalonda wa ku Ghana, yekhayo wolankhula Chingelezi pamalopo: asilikali a RSP alowa mumsonkhano wa nduna ndipo agwira pulezidenti ndi nduna yaikulu.

Usiku tinamva mfuti chakutali. Ndinawerenga ndalama zanga pabedi, zinali 41,000. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mawa ndinyamuka basi.

M'mawa wa Lachinayi msilikali anaoneka pa TV akuwerenga chikalata. Boma lathetsedwa, mtsogoleri watsopano ndi General Gilbert Diendéré, malire onse apansi ndi amumlengalenga atsekedwa, ndipo palibe kuyenda kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 6 m'mawa. Mghana uja ananditanthauzira zonse momveka. Koma ine, ndi mutu wanga woumawu, ndinaganiza kuti munthu wa tikiti sangabwezedwe. Mayi mwini nyumba, amene aliyense ankamutcha Tantie, anaima pageti akugwedeza chala. Ndinamulambalala. Ndinapatsa mnyamata wa njinga yamoto 5,000 kuti akanditule kubwalo la ndege, chikwama pamiyendo, mtolo wa nsalu kumsana.

Sitinayende ngakhale makilomita awiri. Pamphambano ina achinyamata anali atatchinga msewu ndi miyala ndi matayala oyaka, utsi bii. Anatiimitsa. Mmodzi, thukuta lili chuchuchu, anandifunsa kanthu m'Chifalansa. Ndinati, "Malawi." Iye anamva Mali, n'kuyamba kundilankhula Dioula mofulumira, ndipo nditalephera kuyankha anzake anayandikira, maso ali pamtolo uja. Ndinatulutsa pasipoti manja akunjenjemera. Anaitembenuza, anawerenga, anaitana mnzake kuti aone, kenako anaseka n'kundibwezera akuloza kumene tachokera. Tisanatembenuke n'komwe, galimoto ya asilikali inatulukira kumapeto kwa msewu, ndipo kulira kwa mfuti yapafupi sikufanana ndi kwa pafilimu, kumamveka m'mano. Anthu onse balala. Mnyamata wanga analowetsa njinga m'kanjira ka matope, tinagwa, tinadzuka, bondo langa likutuluka magazi. Pofika pageti, Tantie sananene kanthu. Anangobweretsa madzi otentha ndi mchere.

Mawu anga kwa aliyense ndi awa: akalengeza kuti bwalo la ndege latsekedwa, latsekedwadi. Tikiti siithawa, amakusinthirani pambuyo pake. Pa masiku amenewo anthu 14 anaphedwa ndipo oposa 250 anavulala, ambiri mwa iwo mumsewu ngati mmene ndinalimo inemo.

Lachisanu analengeza kuti malire atsegulidwa, ndipo mtima unakhala pansi pang'ono. Koma kutsegula kwa pawailesi n'kwina. Mabungwe a ogwira ntchito anali ataitanitsa sitiraka ya dziko lonse, mabanki otseka, masitolo otseka, ndege zambiri sizinkabwera, ndipo ofesi ya ndege yanga inali ndi loko. Mlonda wapanyumbapo anandiperekeza ku makina a ATM awiri. Oyamba anali ozima. Achiwiri anandilavulira khadi katatu. Ndinadzamva nditabwerera kumudzi kuti khadi yangayo inali yogwira m'Malawi mokha. Safunsa anadya phula.

Foni nayo inali chidole chabe. Sabata yonse ndinkadalira wifi ya kuhotela, ndiye SIM yakomweko sindinagule, ngakhale inali yotchipa ndipo inkangofuna pasipoti. Panyumba ya Tantie intaneti inali itafa. Mghana uja anandibwereka foni yake Lachisanu madzulo. Kwathu kunali kutada kale, poti tili patsogolo ndi maola awiri. Mayi a kwathu anali atapita ku Lilongwe kukandichingamira, n'kubwerera okha.

"Inu abambo, muli kuti? Anzanu anafika kalekale. Pawailesi akuti kumeneko kuli nkhondo."

"Si nkhondo, amayi. Ndili bwino, ndili m'nyumba."

"Nanga mankhwala?"

Ndinanama kuti alipo. Piritsi lomaliza ndinali nditamwa m'mawa womwewo.

Mghanayo anaganiza zotsika ndi msewu wa ku Pô kukalowa kwawo, ndipo anandiuza kuti tipitire limodzi. Ndinalakalaka, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti kwa iye malirewo ndi khomo lakwawo, pamene ine ndikakafika ku Accra ndikhala ndili kutali ndi tikiti yanga, wopanda ndalama yogulira ina. Ofesi ya kazembe wa Malawi kulibe ku Ouagadougou. Asananyamuke Loweruka, ndinamupempha chinthu chimodzi, kuti akandilankhulire kwa Tantie. Linali tsiku lovuta kuposa la mfuti lija. Bambo wamkulu, wa ntchito yake, kuima pakhonde la mayi wachilendo kunena kuti ndalama ya chipinda ndilibe, ndipo sindikudziwa tsiku lochoka. Tantie anamvetsera akusankha mpunga m'lichero. Atatha anatumiza mwana kukatenga kope la kusukulu, analemba deti pamwamba, pansi pake 12,000, n'kundionetsa. Kenako ananena mawu amene Mghana anawamasulira kuti: chipinda chilembedwa, chakudya sichilembedwa, muzidya ndi ife.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadya pansi pa mtengo wa mango ndi banja lonse, tô m'mbale imodzi, masiku ena mpunga ndi nyemba. Zakudya zinkachepa chifukwa misika inkatsegula kwa maola ochepa m'mawa, koma mbale yanga sinasiyane ndi ya mwana wawo. Tsiku lina ndinadzidzimuka kumva Tantie ndi mlonda akulalatirana, mlondayo, wolembedwa ntchito, akuloza bwana wake chala. Ndinaganiza kuti ndale zalowa m'nyumba. Mwadzidzidzi onse anaphulika kuseka. Mwana wawo wa kusekondale, amene ankadziwa Chingelezi cha m'kalasi, anandifotokozera kuti mayi ake ndi Mmossi, mlonda ndi Msamo, ndipo mitundu iwiriyi imanyozana mwachibale, aliyense amati mnzake ndi kapolo wake, ndipo kukwiya n'koletsedwa. Ndinakumbuka chisuweni chakwathu, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinaseka.

Pofika Lamlungu mutu unkandiwawa kumbuyo kuno, maso akuchita mdima ndikadzuka. Ndinatulutsa kapepala kopanda kanthu ka mapiritsi n'kuonetsa mwana uja. Kumeneko ma pharmacy amasinthana kukhala otsegula usiku ndi masiku a tchuthi, amati pharmacie de garde, ndipo mnyamatayo anadziwa yoti tipiteko. Tinayenda wapansi m'tinjira ta kuseri. Wogulitsa anangowerenga dzina la mankhwala pakapepalako, amlodipine, n'kundipatsa bokosi, anandiyezanso BP osandilipiritsa. Dzina lenileni la mankhwala silisintha ndi chilankhulo, choncho musataye chikutiro chake, ndipo nyamulani a mwezi wathunthu ngakhale ulendo ndi wa sabata. Ndikanangofika n'kunena kuti "timapiritsi toyera ta BP" sindikanathandizidwa.

Nkhani zandale ndinkazimvera kwa mwana yemweyo, zidutswazidutswa. Mawailesi ambiri anali atatsekedwa ndi asilikali, koma kunali ina yobisika imene aliyense ankaitchera motsitsa. Apulezidenti Macky Sall wa Senegal ndi Boni Yayi wa Benin anabwera kudzayanjanitsa m'dzina la ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, koma zimene anakonza zinali ndi mfundo yokhululukira olanda boma, ndipo anthu anakwiya kwambiri. Tantie analavula pansi atamva. Lolemba pa 21 kunamveka kuti asilikali ena onse, ochokera ku Bobo-Dioulasso ndi m'mizinda ina, anyamuka kubwera ku likulu kudzalanda zida a RSP, ndipo anthu akuwaimbira m'manja m'misewu. Usiku umenewo ndi umene ndinaopa zenizeni. Magulu awiri a asilikali, mzinda umodzi, ife pakati. Tinatulutsa matiresi n'kugona tonse m'kakhonde ka m'kati kopanda mawindo. Tantie ankapemphera kolona, mlonda ali ndi tasibihi yake pakhomo. Ine ndinalemba nambala ya mayi a kwathu pakapepala n'kuika m'pasipoti, kuti zikavuta wina adzadziwe kouza.

Nkhondo ija sinachitike. Usiku wa Lachiwiri magulu awiriwo anasainirana pangano kunyumba ya Mogho Naba, mfumu yaikulu ya Amossi, imene ilibe mpando m'boma koma mawu ake amamveka. Lachitatu pa 23 Kafando anabwezeredwa pampando. M'misewu munadzaza mahutala a njinga zamoto.

Tsiku lomwelo ndinachita chimene ndinayenera kuchita sabata yathunthu m'mbuyomo. Ndinapeza kafe ya intaneti yotsegula n'kulembera otiitana aja, kuwauza kuti ndidakali mumzinda. Nambala zawo za foni ndinalibe, zinali pa pulogalamu ya maphunziro imene ndinaitaya kuhotela. Yankho linabwera pasanathe ola, ndipo linali laukali. Ankaganiza kuti tonse tinanyamuka pa 15. Inshulansi ya ulendo imene anatigulira inathera tsiku lomwelo, ndiye masiku onse a mfuti aja ndinalibe chondiphimba, ndipo popeza tikiti ndinaisintha ndekha, amene anaigula sakanathanso kuikhudza. Komabe anati abwera. Ofesi yawo inali mtunda woti n'kuyenda wapansi kuchoka pamene ndinkagona. Manyazi anandigoneka ndi mantha ndi mutu wowawa masiku asanu ndi awiri, anthu ondidziwa ali pafupi choncho.

Lachinayi pa 24 linali tsiku la Tabaski, imene kwathu timati Eid ya nsembe, ndiye maofesi anatsekanso. Ndinadandaula, koma tsikulo ndimalikumbuka bwino. Anthu ambiri m'dzikomo ndi Asilamu, Tantie ndi Mkatolika, koma pofika masana mbale za nyama ya nkhosa zinali zitabwera kuchokera m'nyumba zitatu zoyandikana. Mlonda anabwera atavala mkanjo watsopano wa Faso Dan Fani n'kundipatsa nthuli ndi dzanja lake. Mawu a Mooré amene ndinali nditaphunzira anali awiri okha, laafi ndi barka, mtendere ndi zikomo, ndipo tsiku limenelo ndinawagwiritsa ntchito mpaka kutha.

Lachisanu wotitanthauzira uja anabwera ndi galimoto. Anandiperekeza ku ofesi ya ndege, kumene mzere unali utafika panja. Tinaima maola anayi. Iye ndiye ankalankhula, ine ndikungogwira pasipoti ngati mwana wa sukulu. Anandipezera mpando wa Loweruka pa 26 popanda kulipiranso, poti ndege yanga inalephereka osati chifukwa cha ine. Bungwe lawo linandibwereka 100,000, ndinasainira kuti adzandidula kuntchito. Kope la Tantie linkasonyeza masiku asanu ndi anayi, 108,000. Ndinamupatsa 90,000 kuti nditsale ndi ya panjira, ndipo pa yotsalayo ndinayala nsalu zanga pakhonde kuti asankhe zitatu. Anazigwiragwira, anandiuza kudzera mwa mwana uja kuti ziwiri mwa izo anandidyera mtengo, n'kusankha zabwino zenizeni. Kopelo analing'amba tsamba n'kundipatsa.

Pabwalo la ndege panali msampha womaliza. Faso Dan Fani ndi yolemera, si chitenje chakwathu. Katundu wanga anapitirira mulingo, ndipo ndalama yolipirira ndinalibe. Ndinatsegula chikwama pansi pomwepo, anthu akundilambalala, ndinavala majekete awiri m'kutentha kuja, nsapato zakuntchito ndi mabuku a maphunziro ndinasiyira wotitanthauzira. Ndege itanyamuka ndinayang'ana pansi, dothi lofiira ndi madamu odzaza madzi amvula, ndipo ndinagona mpaka ku Addis Ababa. Patapita masiku atatu, pa 29, asilikali anakaukira kampu ya RSP ndipo bwalo la ndege linatsekedwanso. Ndinamva ndili ku Balaka, miyendo inazizira.

Mukawerengera zonse, masiku awiri "opanda kanthu" aja ananditengera madola 150 osinthira tikiti, 108,000 ya chipinda, ya mankhwala ndi ya njinga, ulendo wa mayi a kwathu wopita ku Lilongwe pachabe, ndi kalata yochenjeza kuntchito chifukwa chojomba sabata yathunthu. Ndikanasunga ma euro 200 m'thumba lapadera, osawakhudza ngakhale nsalu ikongole bwanji, theka la nkhaniyi silikanachitika.

Amene mukuganiza zopita lero, dziwani kuti dzikolo lasintha kwambiri kuposa mmene ndinalionera. Chisankho chija chinachitika pa 29 November 2015 ndipo anapambana Roch Marc Christian Kaboré. Mu January 2016 zigawenga zinapha anthu 30 pamsewu wa Kwame Nkrumah, umene ndinkadutsa popita kumsika, ndipo kuchokera pamenepo nkhondo ya magulu a zida yafalikira kumpoto ndi kum'mawa, anthu ochuluka athawa m'midzi yawo. Mu 2022 asilikali analanda boma kawiri, mu January ndi mu September, ndipo dzikolo, pansi pa Captain Ibrahim Traoré, linatuluka mu ECOWAS limodzi ndi Mali ndi Niger. Anthu amapitabe ku Ouagadougou, ku chionetsero cha mafilimu cha FESPACO, ku chionetsero cha zaluso cha SIAO, kumisonkhano. Koma za kutuluka mumzinda pamsewu muzimvera okuitanani, ndipo tsiku limene iwo akuti ulendo watha, inunso kwerani ndege.

Nsalu zinafika 27. Mayi a kwathu anathyola singano zinayi pa yoyamba asanazindikire kuti imafuna singano ya jinzi. Makasitomala ankaisirira, kuigwira, kufunsa mtengo, n'kugula chitenje. Zinatenga miyezi isanu ndi iwiri kuti zithe, ambiri ogula anali a maukwati ndi azibusa awiri, ndipo ngongole ya ku banki mkhonde tinaimaliza ndi ndalama ya nandolo. Imodzi ya mizere yakuda ndi yoyera anandisokera malaya, amene ndimavala ku tchalitchi. Tsamba la kope lija lili m'pasipoti yakale, madeti asanu ndi anayi m'munsi mwa linzake, ndi mzere umodzi wodula pakati.